MABWINJA A M'MALIRE A MCHINJI: MUDZI USAFE KAWIRI

Pa mapu a Boma, mapiri amene aima pakati pa Mchinji ndi dziko la Zambia alembedwa kuti ndi nkhalango yosungidwa, basi. Wowerenga mapuwo angathe kuyesa kuti chiyambire kale m'menemo munali mitengo ndi nyama zokha. Komatu si momwemo ai. Chigawo chonse cha malire amenewa, kuyambira ku Dzalanyama kummwera kufikira ku thengo la Kasungu kumpoto, ndi dziko la mabwinja, ndiko kuti malo amene kale panali midzi, ana nabadwirapo, milandu niweruzidwapo, akufa naikidwapo, koma lero pamera tchire. Nkhani yoyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma aiganizire mofatsa ndi iyi: mudzi umafa koyamba pamene eni ake auchoka, ndipo umafa kachiwiri pamene dzina lake laiwalika. Imfa yoyambayo inachitika kale, palibe amene angaibweze. Yachiwiriyo ilikuchitika tsopano lino, ndipo ingathe kuletsedwa.

BWINJA LIDZIWIKA BWANJI

Nyumba ya mitengo, dothi ndi udzu siikhalitsa ikasiyidwa. Zikapita dzinja zochepa denga limagwa, chiswe chimatsiriza mitengo, ndipo mvula imabwezera dothi pansi. Koma munthu wa maso akuthwa sasochera. Paja panali dzala nthaka imakhala yakuda ndi yofewa, ndipo khasu likangogunda pamatuluka mapale a miphika. Mphero imatsala pomwe mayi anaisiya, pakuti ndi yolemera kunyamula pothawa. Mitengo ya nkhadze ikamera mozungulira ngati mphete, pamenepo panali linga. Pena pamapezeka chulu chofiira chokhala ndi zibowo m'munsi mwake, ndipo chimenecho si chulu ai, koma ng'anjo m'mene makolo ankasungunuliramo nthale kuti asule makasu ndi nkhwangwa. Chizindikiro choposa zonse ndi msitu wa mitengo ikuluikulu umene nkhwangwa siinaukhudze, pakuti pa mwambo wa Achewa mitengo ya kumanda siidulidwa wamba.

Kusamuka kwa mudzi sikunali chinthu chachilendo kwa Achewa. Nthaka ikaguga, maliro akachuluka, kapena abale akayambana pa nkhani ya ufiti, mbumba inkanyamuka kukamanga pena, ndipo malo akalewo ankatchedwabe ndi dzina la mwini mudzi. Kusamuka kotereku kunali kwa mtunda waufupi, ndipo anthu ankabwerera kukalima pabwinja ndi kukalambula kumanda. Koma mabwinja ambiri a m'malire a Mchinji ali ndi mbiri ina. Eni ake sanachoke mwa kufuna kwao. Anachotsedwa ndi nkhondo, ndi msonkho, ndi matenda, ndiponso ndi lamulo.

MASIKU A MKANDA NDI KUDZA KWA ANGONI

Dziko limeneli linali la Mkanda, mmodzi wa mafumu akulu a Achewa amene mizu ya ufumu wao ili kwa Undi. M'chaka cha 1831 ulendo wa Apwitikizi wotsogozedwa ndi Major Monteiro unanyamuka ku Tete kunka kwa Kazembe, ndipo Captain Gamitto, amene analemba za ulendowo, anatchula Mkanda ngati mfumu yaikulu ya Achewa a chigawo chimenecho. Chotero pali umboni wolembedwa wakuti zaka pafupifupi 200 zapitazo kuno kunali midzi, minda ndi ufumu wodziwika kwa alendo.

Zitapita zaka 35, David Livingstone anadutsa m'dziko lomweli. Kumapeto kwa chaka cha 1866 anayenda kuchokera ku Dzalanyama, napyola dziko limene mtsinje wa Bua uyambira, natsikira ku Luangwa m'mwezi wa December. M'mabuku a ulendo wake analemba za midzi yotchingidwa ndi nkhadze, za amisiri osula chitsulo amene ankapezeka m'midzi yambiri, ndi za anthu okhala ndi mantha chifukwa cha ankhondo amene iye ankawatcha Mazitu, ndiwo Angoni. Anaona anthu olimbika pa ntchito, koma amene maso ao anali kumapiri, kumene ankathawira mfuu ikamveka.

Angoniwo anaoloka Zambezi mu November 1835 ali ndi Zwangendaba. Iye atamwalira kutali kumpoto, cha m'ma 1848, mtunduwo unagawikana, ndipo gulu la mwana wake Mpezeni, litayendayenda zaka zambiri, linadzakhazikika kumadzulo kwa mapiri a Mchinji pakati pa zaka za 1860 ndi 1880. Ufumu wa Mkanda unagonjetsedwa. Achewa ena anatengedwa nasanduka anthu a m'midzi ikuluikulu ya Angoni. Ena anadzitsekera m'malinga. Enanso anakwera m'mapiri, kumene chakudya chinali chosowa koma miyala inali yowatchinjiriza. Apa ndi pamene panabadwira mabwinja a mtundu woyamba. Midzi ya m'madambo ndi m'zigwa inasiyidwa, ndipo mtendere utabwera, midzi ya m'mapiri nayonso inasiyidwa, pakuti palibe mayi amene angakonde kusenza mtsuko wa madzi kukwera nawo phiri ngati nkhondo yatha.

MALIRE A 1891 NDI NKHONDO YA 1898

M'chaka cha 1891 Angelezi analengeza kuti dziko lozungulira nyanja lili m'manja mwao, ndipo dziko la kumadzulo analipereka kwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company. Malire a pakati pa awiriwa sanatsate midzi, mafumu, kapena chibale cha anthu. Anatsata madzi. Kumene mvula iyenderera kunka ku nyanja kunakhala Nyasaland, ndipo kumene iyenderera kunka ku Luangwa ndi Zambezi kunakhala dziko la kampani, limene pambuyo pake linatchedwa Northern Rhodesia. Mzere wotere ndi wosavuta kuulemba papepala ku London, koma pansi unadutsa pakati pa malume ndi mphwake, pakati pa mudzi ndi manda ake.

Nkhondo inatsatira posachedwa. Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atalandira chilolezo cha malo kwa Mpezeni, ndipo chilolezocho chinathera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inakhazikitsidwa mu 1895 niyamba kudzitcha mwini wa dziko la masikweya mailosi 10,000. Mphekesera zakuti m'dziko la Mpezeni muli golide zinakulitsa dyera. Mu January 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland analowa ndi mfuti za makina ndi mizinga, ndipo mikondo ya Angoni siinathe kupirira. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa naomberedwa mu February chaka chomwecho. Ng'ombe pafupifupi 12,000 zinalandidwa, midzi yambiri inatenthedwa, ndipo Mpezeni mwini, ali nkhalamba, anasungidwa chaka chimodzi pa linga la Azungu la kum'mawa kwa malire. Linga limenelo ndilo Fort Manning, lotchedwa ndi dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913. Mpezeni anabwezedwa kwao namwalira mu 1900. Dzina la Fort Manning linakhalapo mpaka ufulu utabwera, pamene boma linatchedwa Mchinji.

Nkhondoyo itatha, midzi ikuluikulu ya Angoni inabalalika, ndipo anthu ambiri amene anali ogwidwa anabwerera kukafuna abale ao. Pamenepo panafika msonkho wa nyumba, wolipidwa ndi ndalama zimene m'midzi munalibe. Amuna anatsika kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya kummwera, ena osabwereranso, ndiwo aja atchedwa machona. Kwa anthu a m'malire kunalinso njira ina: msonkho kapena ntchito yokakamiza ikalimba mbali ino, banja linkangooloka mzere uja kukakhala kwa abale a tsidya lina. Mudzi wotaya amuna ake mwa njira imeneyi sugwa tsiku limodzi. Umafota pang'onopang'ono, nyumba ndi nyumba, mpaka atsala agogo awiri kapena atatu amene potsiriza amatengedwa ndi adzukulu.

KASHEMBE NDI LAMULO LA NKHALANGO

Pamene anthu achoka, tchire limabwerera. Tchire likabwerera zimabwera nyama. Ndipo nyama zimadza ndi kashembe, ntchentche imene imapha ng'ombe ndi kupatsa anthu nthenda ya kaodzera. Tsidya la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, anthu ambiri anachotsedwa pa malo a kampani ija nakaunjikidwa m'malo opatulidwa a anthu akuda, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1928. Azungu amene ankayembekezeka kudzalima malo osiyidwawo sanabwere ochuluka, chotero dziko labwino linasanduka thengo pamene eni ake ankapanikizana pa nthaka yoguga. Boma la kumeneko linagula malowo kwa kampani mu 1941 niliyamba kubwezeramo anthu. Wolemba mbiri Leroy Vail anaonetsa mu 1977 kuti kufalikira kwa kashembe kum'mawa kwa Zambia sikunali tsoka la chilengedwe chabe, koma chipatso cha malamulo amene anachotsa anthu m'minda yao ndi kuwaletsa kusaka.

Mbali ya kuno, chitsanzo chodziwika bwino ndi cha kumadzulo kwa Kasungu, kumpoto kwa boma la Mchinji, pa malire omwewa. M'chaka cha 1922 anthu a kumeneko anasamutsidwa chifukwa cha kaodzera, ndipo dziko lao linasanduka nkhalango yosungidwa ya Fort Alston. Mu 1930 linakhala malo osungiramo nyama, ndipo mu 1970 linatchedwa Kasungu National Park, lokula masikweya kilomita oposa 2,000. M'menemo mudakali zotsalira za malinga, ng'anjo za chitsulo ndi zojambula za pamiyala, mboni zosalankhula zakuti pamene lero payenda njovu panayenda anthu. Nkhalango ya Dzalanyama inasungidwanso mu 1922, ndipo ya Mchinji, ya mahekitala pafupifupi 20,000, inatsatira mu 1924. Kukula kwa tchire m'masiku amenewo kuoneka pa nkhani ya mkango umene unapha anthu oposa 30 m'miyezi 5 m'boma la Fort Manning cha m'ma 1930.

Kunena zoona, lamulo la nkhalango linachita zinthu ziwiri zotsutsana. Linatsekera anthu kunja kwa malo amene makolo ao anakhalamo, osawafunsa. Koma lamulo lomwelo ndilo lasunga mabwinja a m'kati mwake. Kunja kwa nkhalango zinthu zinayenda mwina: m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a Mchinji ndi Kasungu anasanduka maesiteti a fodya, ndipo khasu ndi thirakitala zinafafaniza zizindikiro zambiri za midzi yakale. Zimene zatsala bwino ndi zimene mitengo inaziphimba.

CHIMENE CHILIKUOPSA LERO

Pa kalembera wa 1998 boma la Mchinji linali ndi anthu pafupifupi 325,000. Pa kalembera wa 2018 anapitirira 600,000. Nthaka siinaonjezeke. Chifukwa chake minda ilikukwera m'mapiri, ndipo makala, amene msika wake waukulu uli m'mizinda, alikudya mitengo ya mombo ndi misuku. Mtengo ukagwa, mvula imakokolola dothi la pamwamba pamodzi ndi mapale ake; uvuni wa makala ukakumbidwa pabwinja, zimene zinagona mwadongosolo zaka 150 zimasakanizika tsiku limodzi, ndipo ngakhale katswiri wofukula zakale sangathenso kuziwerenga. Si mbiri yokha imene ionongeka. Mtsinje wa Bua, umene uthirira minda ya maboma angapo ndi kulandira mpasa zokwera kudzaswana kuchokera ku nyanja, uyambira m'mapiri omwewa.

Choopsa chachiwiri chilibe phokoso. Munthu amene anasamutsidwa ali mwana mu 1922 akanakhala ndi zaka zoposa 100 lero. Amene atsala ndi ana ndi adzukulu amene anamva nkhani pamoto, ndipo iwonso ndi nkhalamba. Iwo ndiwo adziwa kuti bwinja lakuti linali la yani, anachokapo chifukwa ninji, analowera kuti, ndi kuti manda ali pansi pa mtengo uti. Mawu a akulu akoma akagonera, koma akagonera osalembedwa amapita ndi mwini wake kumanda.

MAU A OTSUTSA

Alipo anthu anzeru amene aona nkhaniyi mwa mtundu wina, ndipo ayenera kuyankhidwa. Ena ati kulemba maina a mabwinja ndiko kupatsa anthu chifukwa cholowera m'nkhalango, pakuti aliyense adzati pano ndi pa agogo. Mantha amenewa si achabe m'dziko losowa malo. Koma chimene chimabala mikangano ndi kusowa kwa zolembedwa, osati kupezeka kwake. Kumene kulibe kaundula, wolankhula mokweza ndiye apambana mlandu. Kumene mbiri inalembedwa poyera, mafumu ndi akulu a mbali zonse alipo, wonama amagwidwa msanga. Popeza lamulo la 2016 la malo a makolo lifuna kuti malire a malo a mafumu adziwike ndi kulembedwa, makomiti a malo adzafuna umboni wotere, afune asafune. Ndiponso kulemba kuti pano panali mudzi si chilolezo cholimapo. Lamulo la nkhalango la 1997 lilola Boma kupangana ndi midzi yozungulira za kasamalidwe ka nkhalango, ndipo m'mapangano otere mungathe kulowa ufulu wa mbumba wokaona manda ake. Anthu amene aloledwa kukalambula manda a makolo ao m'nkhalango adzakhala alonda ake oposa mlonda wolipidwa, pakuti palibe amene amaotcha makala pa mutu wa agogo ake.

Ena ati kukumba za nkhondo za Angoni ndi Achewa ndiko kudzutsa chidani chimene chinagona. Koma a Mchinji eni ake anayankha kale funso limeneli. Anthu a Mkanda ndi a Zulu ndi a Mlonyeni akhala moyandikana zaka zoposa 100, akwatirana, ndipo alankhula chinenero chimodzi. Chaka ndi chaka ena aoloka malire kunka ku Nc'wala ya Mpezeni, imene inadzutsidwanso mu 1980, ndipo ena apita ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika. Pa mabanja ambiri a kumeneko, wogonjetsa ndi wogonjetsedwa wa masiku aja onse ndi agogo a mwana mmodzi. Mbiri yonenedwa moona siingawagawanitse. Chimene chimagawanitsa ndi mbiri yonong'onezana, imene aliyense amaiwonjezera mchere wake.

NTCHITO YA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Malamulo alipo kale. Dipatimenti yoona za zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo lamulo la 1990 la zipilala ndi zotsalira za makedzana liteteza malo ndi zinthu zotere. Chitsanzo cha phindu lake chili ku Dedza, kumene malo 127 a zojambula za pamiyala a ku Chongoni, ambiri a iwo ali m'nkhalango yosungidwa, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Koma lamulo silingateteze chinthu chimene palibe anachilemba, ndipo akatswiri a ku likulu ndi ochepa kuti ayende phiri lililonse. Ntchito yoyamba ili m'manja mwa amene ali pafupi.

Mphunzitsi akumbukire Samuel Josia Ntara. Iye anali mphunzitsi monga iwo, analibe galimoto kapena makina ojambulira mawu, koma anafunsa akulu nalemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, limene akatswiri alikuligwiritsabe ntchito. Sukulu iliyonse ya pansi pa mapiri a Mchinji ingathe kukhala ndi kope limodzi lolimba. M'menemo ana a makalasi apamwamba, motsogozedwa ndi mphunzitsi ndi mololedwa ndi a nyakwawa, alembe dzina la bwinja, dzina la mwini mudzi, mfunda wake, mtsinje kapena phiri loyandikana nalo, chifukwa chimene anthu anachokera, ndi kumene zidzukulu zao zikhala lero, kaya ndi kuno kapena ku Zambia. Alembenso dzina la wonena nkhaniyo ndi tsiku, ndipo ngati akulu awiri asiyana mau, onse awiri alembedwe, pakuti si ntchito ya mwana wa sukulu kuweruza akulu. Mapale, mphero ndi zitsulo zisiyidwe pamene zili. Zakumanda ndi zakudambwe zili ndi eni ake, ndipo mphunzitsi wanzeru adzadziwa pamene ayenera kuimira.

Woyang'anira nkhalango, poyendera malire, aike pa mapu ake msitu wa manda, ng'anjo ndi mphete ya nkhadze iliyonse imene aipeza, ndipo masiku ano lamya ya m'manja ingathe kusonyeza malo enieni mosaphonya. Bwana D.C. asonkhanitse zolembedwazi, atumize kope limodzi ku dipatimenti ya zinthu zakale ndi lina ku nyumba yosungiramo zolembedwa za Boma ku Zomba, kumene zingathe kuyerekezedwa ndi mabuku amene ma D.C. a nthawi ya Azungu anasiya. Ndipo popeza theka la nkhani iliyonse ya m'malire lili tsidya lina, akuluakulu a Mchinji ndi a Chipata, amene kuyambira mu December 2022 agwirira ntchito pa chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, angathe kusinthana makope monga asinthana mapepala a katundu.

Ntchito imeneyi siifuna ndalama za kunja. Ifuna kope, cholembera, ulemu kwa akulu, ndi changu. Madzi akatayika saoleka. Nkhalamba imene idziwa dzina la bwinja ili moyo chaka chino. Za chaka chamawa adziwa ndi Mulungu. Aphunzitsi a Mchinji ayambe teremu yomwe ino.